Pulinta Ili Pansi, Mlembi Ali Pamwamba

Shopu ya Make Nesi inali pansi, nyumba yogona inali pamwamba, ndipo pakati pake panali masitepe khumi ndi asanu ndi awiri. Kwa zaka makumi awiri palibe amene anaganizapo zowawerenga masitepewo. Anayamba kuwerengedwa amuna ake atadwala sitiroko.

Shopuyo inali yaing'ono, yoti anthu anayi akalowa wachisanu amadikira pakhonde. Kumanzere kunali makina a fotokope, kumanja shelefu ya maenivelopu, mafayilo ndi zolembera. Kukona, pansi pa kalendala, kunali tebulo la amuna ake. Pamenepo panali kompyuta yakale ya kiyibodi yofufutika zilembo, ndi pulinta yakuda yolumikizidwa ku kompyutayo ndi kachingwe kosakwana mikono iwiri. Patebulo limenelo ndi pamene anthu a mumsewu wonsewo ankalembetsa makalata awo, ofunsira ntchito, odandaula, opepesa kwa abwana, opempha malo kusukulu.

Amuna akewo anthu ankawatchula kuti a Koma. Munthu akabwera ndi kalata yolemba pamanja, iwo ankaiwerenga mpaka kumapeto, n'kuvula magalasi, n'kunena kuti, "Ili bwino ndithu. Koma..." Akatero ndiye kuti kalatayo ilembedwanso yonse kuyambira pa deti. Dzinalo linawakakamira moti ngakhale mwana wawo, amene anali nesi pachipatala china chakutali, poimba foni ankafunsa kuti, "Amayi, a Koma adzuka bwanji?"

Sitiroko inawagwira m'mawa wina akutsegula loko wa shopu. Anagona kuchipatala milungu itatu. Pobwera anachita kuwanyamula amuna anayi atawakhazika pampando, ndipo chiwakwezereni pamwambapo sanatsikenso. Mwendo wamanja unkakoka, dzanja lamanja linapindika ngati likubisa kanthu, lilime linalemera. Mutu unali bwinobwino, mawu onse anali nawo, kungoti akati awatulutse ankatuluka opotoka. Amene ankawamva anali Make Nesi yekha, nayenso mwa apo ndi apo.

Fotokope Make Nesi ankaidziwa ngati khitchini yake. Kumata ziphaso m'pulasitiki, kumanga timabuku, kupulinta zimene anthu abweretsa pa fulashi, zonsezo ankachita maso ali kwina. Kulemba kalata ndiye ayi. Anthu ankabwerabe, n'kusuzumira kukona kuja, n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Bambo akupezako bwanji?" Kenako ankapinda kapepala kawo n'kupita kwina.

Amene anakana kupita kwina anali mlonda wa pageti la kampani ina kutsidya kwa msewu, bambo wamkulu wa ndevu zaimvi. Ankafuna kalata yopempha abwana ake kuti amumangire kanyumba pageti, chifukwa dzuwa ndi mvula zonse zinkathera pamutu pake.

"Ndinakalembetsa kumsika uko," anauza Make Nesi. "Anandilembera ngati ndine mwini kampani, ndikuwalamula. Ine ndikufuna ya a Koma, yoti bwana akawerenga azichita manyazi yekha. Ndidikira, mayi. Dzuwalo ndalipirira zaka zisanu ndi chimodzi."

Masana a tsiku limenelo Make Nesi anakwera kukawapatsa amuna ake chakudya, ndipo nkhani ya mlondayo anangoinena pofuna kuti m'chipindamo mumveke mawu. A Koma anali pampando wawo wa pawindo, laputopu imene Nesi anawabweretsera ili pathabwa pamiyendo. Tsiku lonse ankasewerapo makadi ndi dzanja lamanzere. Sanatembenuke n'komwe.

Cha m'ma folo, Make Nesi atakweranso ndi tiyi, a Koma anatembenuza laputopu ija kuti aone. Pasikirini panali kalata yonse yathunthu, adiresi kumanja, deti pansi pake, ndime zitatu zoyalana bwino.

"Mwalemba ndi dzanja limodzi?"

A Koma anapukusa mutu n'kuimika chala chimodzi cha kumanzere.

Make Nesi anaika kapu pansi msangamsanga. Anathamanga kukatenga fulashi, a Koma anaikamo kalatayo, iye n'kutsika, n'kuipulinta, n'kukwera nayo kuti mwini wake aione papepala. A Koma anavala magalasi, anawerenga mpaka kumapeto, n'kuvula magalasi.

"Koma," anatero. Liwu limeneli linatuluka loyera ngati sanadwalepo.

Panasowa kachizindikiro kopumira pamzere wachiwiri. Make Nesi anatsika, anakwera. Kenako udindo wa bwana uja unalembedwa ndi chilembo chaching'ono. Anatsika, anakwera. Kenako ndime yomaliza inaoneka yopempha mopitirira, ngati mlondayo wagwada. Pofika ulendo wachisanu ndi chimodzi Make Nesi anangodzigwetsa pabedi, mawondo akuyaka moto.

"Bambo a Nesi, mawondo angawa ndi omwe aja munandikwatira nawo. Sindinagule ena."

A Koma anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatsegula tsamba loyera, anakulitsa zilembo, n'kulemba ndi chala chawo chija kuti: PEPANI.

Mlonda anailandira kalata yake m'mawa mwake, anaiwerenga milomo ikugwedera, n'kupita akunyadira. Pofika Lachinayi anthu atatu anali atabwera kudzafunsa ngati n'zoona kuti a Koma ayambiranso. Koma mawondo a Make Nesi sakanapirira kukwera ndi kutsika kotero pa kalata iliyonse. Kukweza pulinta pamwamba sizikanatheka, chifukwa iye ankaigwiritsa ntchito tsiku lonse pansipo. Telala wa shopu yoyandikana, mnzake wa zaka zambiri, anati angogula chingwe chachitali n'kuchidutsitsa pawindo. Make Nesi atawauza a Koma, iwo analemba kuti chingwe cha pulinta chikatalika kwambiri sichigwira ntchito. Kenako anafufuza pa intaneti n'kumuonetsa chithunzi cha kabokosi kofanana kukula ndi sopo wosambira, kokhala ndi kanyanga kamodzi.

Analemba kuti: "Chingwe cha pulinta chimalowa m'kabokosi aka m'malo molowa mu kompyuta. Kabokosi kamalowa pa wayifayi yathu. Ndiye ine ndizitumiza kalata ndili pompano, iziturukira pansipo. Kompyuta ya pansi nayo izitumiza chimodzimodzi."

"Nanga adzakaikepo ndani?"

A Koma anamuloza ndi chibwano.

"Ine? Ine amene rimoti ikandisokonekera ndimadikira Nesi abwere?"

Anagwedeza mutu, n'kulembanso kuti: "Fotokope munaiphunzira tsiku limodzi. Munalira, koma munaiphunzira."

Lachisanu m'mawa Make Nesi anasiyira Telala makiyi n'kukwera basi kupita kumene amagulitsa zamakompyuta, chithunzi chija atachipulinta n'kuchipinda m'chikwama. Mashopu awiri oyamba analibe. Pashopu yachitatu, bambo wonenepa wotafuna kamtengo kotokosera m'mano, anakakatulutsa kuseri kali ndi fumbi pakatoni.

"Muli ndi munthu wokuikirani, mayi? Timeneti timavuta."

"Ndili naye."

"Amazidziwa?"

"Mutu ali nawo. Manja ndi angawa."

Loweruka shopu ankatseka wani koloko. Make Nesi anakoka chitseko, anapukuta tebulo la kukona, n'kuyala zonse zinali m'katoni: kabokosi, chingwe chake cha magetsi, ndi kapepala kopyapyala kopindidwa kambirimbiri ngati ka m'paketi ya mankhwala. A Koma anali atalemba kale zoti achite, chimodzichimodzi, m'zilembo zikuluzikulu, ndipo iye anazipulinta kudzera pa fulashi.

Vuto linali limodzi. Kabokosiko kakangoyaka koyamba kamatulutsa kawayifayi kakekake kofooka, kosafika pamwamba, ndipo munthu amayenera kulumikizana nako ali pafupi kuti akauze dzina la wayifayi ya m'nyumba ndi pasiwedi yake. Kompyuta yakale ija inalibe wayifayi, inkalandira intaneti kudzera pa chingwe chochokera ku rauta, kachipangizo kophethira timagetsi kamene kanakhomedwa pakhoma la masitepe. Choncho laputopu inayenera kutsika. Make Nesi poichotsa pamiyendo ya amuna ake anaona mmene anaiperekezera ndi maso, ndipo anazindikira kuti akuwalanda pakamwa.

"Ndibwera nayo pompano," anatero.

Anazula chingwe cha pulinta kuseri kwa kompyuta, kumene kunali fumbi ndi chivindikiro cha cholembera chimene chinasowa chaka chatha, n'kuchilowetsa m'kabokosi. Analumikiza magetsi. Kagetsi kachikasu kanayamba kuphethira. Pa laputopu anapeza dzina la kabokosiko pamndandanda wa mawayifayi, analidina, kenako analemba manambala olekanitsidwa ndi timadontho monga mmene pepala linanenera. Tsamba linatseguka. Make Nesi anaomba m'manja kamodzi ali yekhayekha.

Tsambalo linafunsa dzina la wayifayi. Linali papepala, analemba. Kenako linafunsa pasiwedi, ndipo papepala pamalo pamenepo a Koma anangosiya kamzere. Make Nesi anali asanaidziwepo pasiwediyo, chifukwa m'foni mwake anamuikira ndi amuna ake kalekale. Ananyamula laputopu n'kukwera.

"Pasiwedi mwaiwala kulemba."

A Koma anayang'ana kuwindo.

"Bambo a Nesi, pasiwedi."

Anang'ung'udza kanthu kena kosamveka, nkhope ili kumbali. Make Nesi anawaikira laputopu pamiyendo. Chala chija chinazengereza, chinazungulira pamwamba pa kiyibodi, kenako chinayamba kudina pang'onopang'ono ngati chikupita kukaweruzidwa. Pasikirini panatuluka: MakeNesiSamva1.

Make Nesi anawerenga kawiri.

"Zaka zonsezi? Nesi akabwera amalemba zimenezi? Mlamu wanga akabwera amalemba zimenezi?"

A Koma anagwedeza mutu, maso ali pansi.

"Nanga wani ameneyu ndi wa chiyani? Alipo wachiwiri wosamva?"

Phwete linawaphulika a Koma. Kunali kuseka kwa mbali imodzi ya kamwa, kotuluka ndi malovu ndi chifuwa, ndipo Make Nesi anali asanakumve chidwalireni. Nayenso anaseka mpaka anagwira chitseko, kenako anawapukuta pachibwano ndi kathaulo, akupukutanso maso ake ndi kuseri kwa dzanja.

Anatsika, analemba pasiwedi ija mosamala, zilembo zazikulu m'malo mwake, n'kudina batani lovomereza. Pepala linati kagetsi kachikasu kasanduka kobiriwira n'kusiya kuphethira. Anadikira mphindi imodzi, ziwiri, zisanu. Kagetsi kanangophethirabe, kachikasu komweko. Kawayifayi ka kabokosi nako kanasowa pamndandanda.

Anakwera. A Koma analemba kuti kuseri kwa kabokosi kuli kabowo, alowetsemo chinthu chosongoka n'kukanikiza mpaka kagetsi kazime, kayambirenso poyamba. Make Nesi anagogoda kwa Telala kukabwereka pini.

"Mukusoka kompyuta tsopano, anzanga?" anafunsa Telala, mapini ena ali pakamwa.

"Ikakana ndibwera nayo muipinde m'munsi."

Anayesa kachiwiri. Chikasu. Anakwera, ndipo a Koma analemba kuti: "Mwalakwitsa chilembo."

"Sindinalakwitse."

"Yang'anitsitsani."

"Ndayang'anitsitsa. Dzina langa lomwe ndingalilakwitse?"

Anayesa kachitatu, akutchula chilembo chilichonse mokweza. Chikasu. Pokwera ulendo umenewo anachita kupumira pakati pa masitepe, laputopu ataikumbatira pachifuwa. Atalowa n'kupukusa mutu, a Koma anamenya chogwirira cha mpando ndi dzanja lamanzere. Anakankha thabwa lija, anagwira ndodo yawo, n'kudzikoka kuti aimirire. Ankafuna kutsika okha. Anaponya mwendo wamanzere, wamanja unakana kutsatira, thupi lonse linapendekeka. Make Nesi anaponya laputopu pabedi n'kuwawakha m'chiuno, ndipo onse awiri anagwera pampando uja, iye atagwada.

Anakhala choncho akupuma mwabefu. A Koma analankhula, mawu atatu opotoka, ndipo ulendo uno Make Nesi anawamva onse.

"Ine ndatha basi."

Misozi inkatsikira mbali imodzi ya nkhope. Make Nesi sanawatsutse, sanawatonthoze ndi mawu a kuchipatala aja. Anawakonza kolala ya shati, anawabwezera thabwa pamiyendo, anawapatsa madzi. Kenako anatenga laputopu.

"Khalani pomwepo. Ine sindinathe."

Pansi anakhala pampando wa amuna ake, anavala magalasi ake owerengera, n'kufunyulula kapepala kopyapyala kaja kamene palibe anali atakawerenga. Zilembo zake zinali ngati nyerere, Chingerezi chake chokhotakhota. Anatsata mzere uliwonse ndi chikhadabo. Zambiri sanazimve. Cha kumunsi, pafupi ndi chithunzi cha kanyanga, panali manambala awiri. Pa 2.4 panali chizindikiro chokhoza, ngati cha aphunzitsi. Pa 5 panali mtanda.

Anayang'ana pepala la a Koma. Dzina la wayifayi limene anamulembera linkathera ndi 5. Anatulutsa foni yake, anatsegula mndandanda wa mawayifayi, ndipo anaona chimene anali atachiona kambirimbiri osachilabadira. Dzina la shopu yawo linalipo kawiri, lina lokhala ndi 5 kumapeto, lina lopanda. Rauta imodzi yomweyo inali ndi makomo awiri, ndipo iwo masana onse ankagogoda pakhomo limene kabokosiko sikakanatha kulowera.

Anatenga pini, anakanikiza, anadikira. Analemba dzina lopanda 5. Analemba pasiwedi yomunyoza ija. Kagetsi kanaphethira kachikasu katatu, kanazima, mtima wake unazima nako, kenako kanayaka kobiriwira n'kukhazikika.

Sanakuwe. Anakopera papepala manambala atsopano amene rauta inapatsa kabokosiko, n'kukwera pang'onopang'ono ngati wanyamula mazira. Anaika laputopu pathabwa, pepala pambali pake, n'kuloza ndi chala pamene panali 5.

"Aka sikadziwana ndi faifi wanuyu."

A Koma anayang'ana pepala lawo, anayang'ana kapepala kopyapyala kaja, n'kutseka maso. Atawatsegula anayamba ntchito. Anauza laputopu kuti pali pulinta yatsopano, analemba manambala aja, anasankha mtundu wa pulintayo pamndandanda wautali. Analowanso patsamba la kabokosi n'kukhoma manambalawo kuti asamasinthe magetsi akazima n'kuyakanso. Zonsezi ndi chala chimodzi zinatenga pafupifupi theka la ola. Atamaliza analoza pansi.

Make Nesi anatsika n'kuima pakati pa shopu, manja ali m'chiuno. Kunja ana ankakuwa pothamangitsa mpira, mashini a Telala ankalira kuseri kwa khoma. Pulinta inangokhala duu. Kenako inatsokomola, inadzikoka mkati monga inkachitira nthawi zonse, n'kumeza pepala. Panalibe munthu patebulo, kompyuta inali yozima, koma pepala linatuluka lofunda, lili ndi mizere yoyesera inki. Lisanazizire linatulukanso lina, la zilembo zazikulu ngati za chikwangwani.

MUNALONDOLA NDINU. PASIWEDI TISINTHA.

Make Nesi anapita pansi pa masitepe n'kukuwa kuti, "Musayerekeze kusintha! Mukufuna ndiyambirenso ndi pini?"

Kuchokera pamwamba kunamveka kugogoda kwa ndodo pansi, kawiri.

Lolemba m'mawa, asanatsegule, Make Nesi anauza yekha kompyuta yakale ija kumene pulinta yasamukira, akutsata pepala lina la a Koma, ndipo zinatheka ulendo woyamba. Kabokosiko anakamata pakhoma ndi tepi yamphamvu, zingwe anazimanga pamodzi ndi timalamba kuti tsache lisamazikole.

Njira yogwirira ntchito anaipeza okha. Munthu akabwera kudzalembetsa kalata, Make Nesi ankaimbira foni ya pamwamba, n'kuika yake patebulo mawu atawakweza. Munthuyo ankafotokoza nkhani yake, a Koma akumvetsera. Akafuna kufunsa kanthu ankatumiza funso papepala. Woyamba anali dalaivala wa lole amene ankafuna kupepesa kwa abwana ake chifukwa chogunda geti pobwerera m'mbuyo. Anafotokoza ataweramira foni, chipewa chili m'manja. Pulinta italira kumbuyo kwake anadumpha.

Papepala panali funso limodzi: "Getilo linali lotsegula kapena lotseka?"

Dalaivala anakanda m'mutu. "Linali lotseka, bambo," anauza foniyo motsitsa.

Telala, amene anali ataima pakhomo ndi tepi yake m'khosi, anati, "Nenani zoona zokhazokha, achimwene. Wa kumwambayo amaona zonse."

Kalata imodzi inkatenga ola, nthawi zina kupitirira. Anthu anazolowera kusiya nkhani yawo m'mawa n'kudzatenga masana. Mawondo a Make Nesi anapumako. A Koma anasiya makadi, anayamba kumeta ndevu tsiku lililonse, ndipo ankafuna shati ya kolala ngakhale kuti palibe kasitomala ankawaona. Pakati pa makalata pankatulukanso timauthenga tina, takuti tiyi wachepa shuga, kapena takuti kukubwera mvula achotse zovala pachingwe. Make Nesi anawaletsa kuti akuwononga mapepala, ndiye a Koma anayamba kudikira kuti tichuluke n'kutitumiza tonse patsamba limodzi.

Patatha milungu itatu Nesi anabwera kudzacheza Lamlungu. Anaona kabokosi, anamva nkhani yonse, anaseka za pasiwedi mpaka kutsamwa. Koma akutsuka mbale ndi mayi ake kukhitchini anatsitsa mawu.

"Amayi, mwachita bwino, musandimve molakwa. Koma mwawamangira ofesi kumwamba kuno. Atsikiranji tsopano? Wa mafizo uja akuti chiyani?"

Wa mafizo anali mayi wamfupi wolankhula mofulumira amene ankabwera Lachiwiri lililonse kudzawongola mwendo ndi dzanja la a Koma. Anali atanena kale kawiri kuti nthawi yoyesa masitepe yakwana, ndipo kawiri konse a Koma anayankha kuti ali ndi makalata ambiri.

Make Nesi anapukuta mbale imodzi nthawi yaitali. Mawu a mwana wakeyo anamulowa, chifukwa nayenso anali atayamba kukondwa ndi mmene zinthu zinalili, bambo ali pabwino pampando, osagwa, osalira.

Tsiku lililonse masana ankakwera ndi makope a makalata onse a m'mawa kuti a Koma aone mmene atulukira papepala. Lolemba limenelo anakwera ndi chakudya chokha. A Koma anatambasula dzanja.

"Mapepala ali pansi," anatero Make Nesi. "Ndawaika m'fayilo yabuluu patebulo lanu. Ina ija ya mayi wa kusukulu inki yachita ngati yafooka kumanzere, kaya ndi maso angawa, kaya. Mukaona nokha."

A Koma anamuyang'ana mokwiya. Iye anawadulira buledi n'kutsika. Asanafike n'komwe patebulo pulinta inali italira kale. BWERETSANI NDIONE. Analiika m'fayilo yabuluu. Linatuluka lina. NDIKUDZIWA ZIMENE MUKUCHITA. Nalonso analiika momwemo.

Masiku awiri a Koma anamunyanyala, osatumiza ngakhale za shuga. Makalata a anthu okha ndi amene ankatuluka. Make Nesi chisoni chinamugwira pansipo, ndipo kangapo konse anatenga fayilo ija n'kufika nayo pa sitepe yoyamba, n'kubwerera. Anaitana wowotcherera zitsulo kuti aike chogwirira china kukhoma, kuti dzanja lamanzere likhale ndi pogwira potsika ndi pokwera pomwe. Phokoso la kuboola khoma linamveka nyumba yonse, ndipo pamwamba sipanachokere funso lililonse.

Lachiwiri la mlungu wotsatira wa mafizo atabwera, anapeza a Koma atavala nsapato.

Tsiku limenelo anatsika masitepe atatu n'kubwerera, thukuta lili kamukamu, wa mafizo ali kutsogolo, Make Nesi atagwira lamba kumbuyo. "Mwendo wodwala uyambe potsika, wabwino uyambe pokwera," ankatero wa mafizo, ngati akuimba. Mlungu wotsatira anafika asanu. Panali tsiku lina limene mwendo unanjenjemera pa sitepe yachiwiri ndipo anabwerera osalankhula ndi munthu mpaka madzulo. Kenako asanu ndi awiri.

Pa sitepe yachisanu ndi chinayi masitepewo ankakhota, ndipo munthu akaima pamenepo ankaona mkati mwa shopu kudzera pakhomo la kuseri. A Koma anafikapo Lachiwiri lina cha m'ma teni, mwezi wachiwiri uli pakati. Anakhala pansi pa sitepepo, akupuma ngati athamanga, n'kuyang'ana. Anaona makina a fotokope, shelefu, tebulo lawo, mpando wawo umene tsopano unali ndi pilo wa maluwa. Anayang'ana nthawi yaitali osaphethira.

M'shopumo munali mtsikana wina wovala yunifolomu ya kuhotela, atagwira envelopu. Anali atabwera kudzalembetsa kalata yopempha tchuthi choti akalembe mayeso. Make Nesi anatsika kuti aimbe foni monga mwa masiku onse, kenako anaima, n'kuibweza m'thumba.

"Alembiwo ndi awo ali apowo. Auzeni nokha."

Mtsikanayo anasendera pakhomo, anapinda mawondo pang'ono popereka moni, n'kuyamba kufotokoza. A Koma ankamvetsera mutu uli chopendekeka. Atamaliza, iwo anakonza kukhosi, anasonkhanitsa lilime lawo, n'kufunsa pang'onopang'ono.

"Masiku... angati?"

Make Nesi anatsegula pakamwa kuti amasulire, koma mtsikanayo anali atayankha kale.

"Asanu, bambo. Kuyambira pa twente."

A Koma anagwedeza mutu. Anagwira chitsulo chija, wa mafizo anawathandiza kuimirira, n'kutembenuka kuyang'ana kumwamba kumene kunali laputopu. Make Nesi anakwera n'kulowetsa zala m'lamba wawo.

"Khalani pabenchipo, mwana wanga," anauza mtsikanayo ali chotembenuka. "Achedwako pang'ono. Ayambe afika kaye ku ofesi."